Chitini Chimene Agogo Jasinto Anamata ndi Mtovu

Papita miyezi iwiri chimwalirire Agogo Jasinto, ndipo sabata yamawa kuli tsiku lokumbukira akufa onse, lija akhristu amapita kumanda ndi makasu ndi makandulo. M'kope lino ndimalembamo za mayeso ndi za anzanga. Lero ndilembamo za iwo, chifukwa ndayamba kuopa kuti chimene sindilemba chitayika ngati zinazo.

Agogo Jasinto sanali bambo a amayi anga. Anali malume awo, mlongo wa agogo a Rozalina, amene ine sindinawaonepo ndipo amayi sawadziwa nkhope. Agogo a Rozalina anafera m'thengo pothawa nkhondo, amayi ali ndi masiku atatu chibadwire. Amene anawaika m'manda ndi Agogo Jasinto, okha. Amene ankadziwa pamene pali mandawo ndi iwonso, okha. Lero njira yopita kumeneko ili m'kachimbale ka kanema, ndipo kachimbaleko kakukana kufika kumapeto. Amayi akuyang'ana ine, poti ndine wa sekondale amene ndimaphunzira za kompyuta, ndipo mpaka pano ndalephera.

Koma ndiyambe ndi mmene analili.

Anali mmisiri wa malata. Malo awo anali kuseri kwa msika wa Milange, pakhonde la nyumba ina yakale imene denga lake linapita ndi nkhondo. Anali ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo, nyundo ziwiri, sizasi yaikulu yodulira malata, ndi kambaula kotenthetsera chitsulo chosungunulira mtovu. Ankapanga ndowa, makheni othirira kudimba, mbaula ndi zoyezera mafuta. Lusoli analitola ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, kumene ankadula zitini za mafuta ophikira a chithandizo n'kupanga mapoto. Amayi amati poto woyamba anamupangira mayi wina wa ku kampu komweko amene anavomera kuyamwitsa khanda lopanda mayi pamodzi ndi lake. Khandalo linali amayi anga. Agogo ankati nkhondo inawalanda munda, mlongo ndi mano anayi, n'kuwapatsa nyundo, ndipo sankadziwa ngati athokoze kapena atukwane.

Mtendere utabwera, anzawo anakwera lole yobwerera kwathu atanyamula mbewu, mabulangete ndi nkhuku. Iwo ananyamula mwana ndi njanji ija, imene anagula kwa wogulitsa zitsulo zakutha. Akuti anthu anadandaula njira yonse kuti ikuwaphwanya zala za kumapazi. Agogo anawauza kuti nkhuku zawozo zidyedwa Khirisimasi isanafike, koma njanjiyo idzawaika onse m'manda. Ambiri mwa iwo yawaikadi.

Ndowa iliyonse ankaiyesa wogula akuona. Ankaidzaza madzi, n'kuikhazika pa fumbi louma, n'kukhala pansi kudikira. Tsiku lina ndinapeza bambo wina wa ku Molumbo akupondaponda pakhondepo.

"Madala, minibasi indisiya!"

"Ikusiyeni. Ibwera ina."

"Ndowayi ndaiona kale, ndi yabwino."

"Mwaiona inu, madzi sanaione. Ikakadontha ku Molumbo, lizikadontha ndi dzina langa."

Bamboyo minibasi inamusiyadi. Ndowa sinadonthe. Agogo anamugawira chinangwa chowotcha, n'kucheza naye mpaka inabwera ina.

Sanakwatirepo. Ankati mkazi ali naye kale, ndiye ine, monga amachitira agogo ndi zidzukulu zawo. Ndikadutsa pochokera kusukulu ankakweza nyundo m'mwamba.

"Mkazi wanga Lusiya wafika! Mwandiphikira chiyani lero, kapena mwabweranso ndi mabuku okhaokha?"

"Mwamuna wopanda mano ndimuphikire chiyani?"

"Phala, mayi. Ukwati wa nkhalamba ndi phala."

Ndi ogula ankayankhula Chinyanja, ndi a boma Chipwitikizi chothyokathyoka, koma akadzimenya chala ndi nyundo chinkatuluka Chilomwe chokhachokha, ndipo amayi ankanditseka makutu.

Pepala sankalikhulupirira. Khadi lawo la ku kampu linanyowa ndi mvula mpaka dzina linafufutika, ndipo anakhala milungu ingapo akudya za anzawo ngati munthu amene kulibe. Kuyambira pamenepo ankati pepala ndi ndiwo za chiswe. Pakamwa naponso sankapadalira, ankati pamapita kumanda limodzi ndi mwini wake. Chokhacho chimene ankachilemekeza ndi chitsulo chomatidwa bwino, chosalowa madzi. Mayi wina atayamba kugulitsa ndowa za pulasitiki pafupi ndi khonde lawo, anakangana naye chaka chathunthu. Ankamuuza kuti katundu wake sadziwa kukalamba, amangodziwa kusweka. Mayiyo ankawabwezera kuti ndowa zawo zimalemera ngati mlandu, munthu amatopa asanatunge n'komwe. Koma poto wa mayiyo atabooka anabwera naye kwa iwo, ndipo anamumatira akungomwetulira ndi nkhama.

Achikulire a kutchalitchi kwathu amawakumbukira ndi denga. Pobwerera kuchokera ku Malawi anapeza katchalitchi kali chiimire, koma malata ake ali mabowo okhaokha a zipolopolo. Malata atsopano kunalibe. Agogo anakwera padenga ndi kambaula kawo, n'kumata bowo lililonse ndi kachigamba ka chitini cha mafuta. Zinawatengera chilimwe chonse. Mpaka lero ukayang'ana m'mwamba pa Misa umaona tizigamba tija, ndipo sipadontha. Iwo ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo mvula ikayamba pakati pa ulaliki ankasiya kumvera a padiri n'kumamvetsera denga.

Panali chinthu chimodzi chimene sankachita nacho nthabwala. Chaka chilichonse ankapanga mtanda watsopano wa lata, poti ankati dzimbiri silipita kutchuthi. Tsiku la akufa likafika ankaumangirira panjinga pamodzi ndi khasu, n'kulowera msewu wa ku Majaua m'mamawa. Ankabwera dzuwa litapendeka, buluku lili chisoso chokhachokha, osayankhula ndi munthu. Sankalola wina aliyense kuwaperekeza.

Amayi anga, a Filomena, ankawakonda ngati bambo wowabala, koma pa nkhani imeneyi ankakangana nawo chaka ndi chaka. Ndikukumbukira ulendo wina ndili wamng'ono, amayi atagwira mahandulo a njinga pabwalo.

"Malume, chaka chino ndipita nawo."

"Kuli minga, Mena."

"Kale munkati kuli mabomba okwirira. Kenako munati ndine woyembekezera. Lero ndi minga. Kodi agona kumenekowo ndi amayi anu kapena anga?"

"Siya njingayo."

"Mukadzafa ndidzafunsa ndani? Mitengo?"

"Ndikadzafa udzadziwa. Ndakonza kale."

"Mwakonza! Munthu si ndowa, Malume."

Agogo anachotsa manja a amayi pa mahandulo, chala chimodzichimodzi, mofatsa, n'kupalasa. Amayi anakhala sabata osawapatsa moni, ngakhale chakudya ankandituma kukapereka tsiku lililonse.

Chimene anakonzacho ndi ichi. A Bernardo, katekisita wathu wa nthawi imeneyo, ndiwo ankasunga kamera ya parishi yojambulira maukwati ndi ubatizo, ija inkalemba kanema pa tizimbale ting'onoting'ono. Chaka china Agogo anawatenga pa ulendo wawo uja, munthu woyamba ndi womaliza kupita nawo. Atabwerako anadzitsekera mu ofesi ya parishi n'kuonera kanemayo pa kompyuta yakale ya kumeneko, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, monga ankayesera ndowa. A Bernardo anawapempha kuti akopereko mu kompyutamo. Anakana, ankati nkhani ya m'banja sigona ku ofesi. Anatenga kachimbaleko n'kukapangira chitini chakechake, chozungulira, chokwana ndendende kuti kasagwedere. Chivundikiro anachimata ndi mtovu kuzungulira konse, kuti musalowe chinyezi, mphemvu kapena amayi. Anachipachika ndi waya kudenga la chipinda chawo, pansi penipeni pa malata.

Chinakhala pamenepo zaka zoposa khumi. Ine ndinakula ndikuchiona, ndipo masana kukatentha, malata akulira, chinkazungulira chokha pang'onopang'ono.

Anadwala chifuwa mwezi umodzi wokha. Tinawaika kumanda a kuno, pamalo podziwika, pafupi ndi msewu. Masiku a maliro atatha, amayi anakwera pampando n'kutsitsa chitini chija. Chinakana mpeni. Tinachidula ndi sizasi ya eni ake omwe. Mkati munali mouma ngati tsiku limene anachimata. Kachimbale kanali kowala pakati, koma m'mphepete monse munali mofiirira ndi mopindika pang'ono, ngati tsamba la fodya. Ine sindinaganizepo kanthu. Amayi anakapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Ukatsegule kusukulu kwanu, ubwere nazo. Lusiya, usakagwetse."

Kusukulu kwathu kunabwera makompyuta atsopano chaka chino. Ndi opyapyala, okongola, ndipo alibe polowetsera chimbale. Ndinazungulira imodzi mbali zonse ngati wofuna khomo la nyumba yachilendo. Profesora Delfina, amene amatiphunzitsa za kompyuta, anandipeza ndikuipendeketsa.

"Menina, ukufuna kuithyola?" Ndi mmene amatiitanira atsikana m'Chipwitikizi.

Ndinawafotokozera zonse. Sanaseke. M'mawa mwake anabwera ndi kabokosi kowerengera zimbale, kolumikiza ndi chingwe, kamene anabwereka kwa alamu awo. Kachimbale kanazungulira, kenako panaoneka mafayilo awiri akuluakulu ndi tina ting'onoting'ono, a mayina a zilembo ndi manambala. Ndinadina yoyamba. Kompyuta inayankha m'Chipwitikizi kuti mtundu wa fayilo umenewu siiudziwa. Ndinadinanso, ngati kuti ikandiona kachiwiri indimvera chisoni.

Profesora anati makamera akale ankalemba kanema m'njira imene makompyuta atsopano sanaphunzitsidwe, ndiye pafunika kuwonjezera kapulogalamu kena. Netiweki tsiku limenelo inkakwawa, moti tinadikira mpaka belu lowerukira. Kapulogalamuko katalowa, fayilo yoyamba inatseguka.

Agogo anali pomwepo. Chipewa chawo chija, malaya a mizeremizere, njinga ili pambali. Pakamwa pankayenda koma mawu kunalibe. Ankayankhula, akuyang'ana kwa ine, ine ndikukweza voliyumu imene inali kale pamapeto. Pamaliro sindinalire ngati mmene ndinalirira pa desiki imeneyo.

"Usalire, menina. Mawuwo alimo, kungoti nawonso ndi a mtundu wakale. Tiikopera mu kompyuta, tiisinthe ikhale ya mtundu umene mafoni amawerenga."

Tinatero tsiku lotsatira. Fayilo yoyamba inakopeka, inasinthika, mawu anabwera. Ndinawomba m'manja ngati mwana. Yachiwiri inayamba bwino, kamzere kobiriwira kakuyenda, kenako kanaima. Kabokosi kaja kanayamba kulira kuti tche, tche, tche, ngati njinga yoduka sipoko. Tinayesa kasanu, ndipo kamzere kankaima pamalo omwewo. Profesora anatulutsa kachimbale n'kupita nako pawindo, akukatembenuza pa kuwala.

"Kanayandikirapo moto aka?"

Ndinawauza za mtovu, ndi za denga la malata. Kenako anandionetsa ndi chikhadabo, osakhudza. Chimbale chimayamba kulembedwa pakati, n'kumazungulira kupita kunja. Chiyambi cha kanema chili pakati. Mapeto ali m'mphepete.

Ndinafunsa ngati palibe pulogalamu ina yamphamvu kuposa imeneyi. Anati pulogalamu imasintha chimene chilipo, koma chimene chinapsa singachibweze. Anapulumutsa kachidutswa ka fayilo yachiwiri mpaka pamene inkaimira, n'kundiikira zonse pa foni ya amayi.

Pobwerera kunyumba ndinkangoganiza za chitini chija. Anachiyesa ndi madzi, ndikudziwa kuti anachiyesa. Sichinadonthe ngakhale kamodzi.

Tinaonera Lamlungu masana pakhonde, foni itatsamira ku botolo la mchere. Amayi sanavule mpango wa kutchalitchi. Kanema anayamba Agogo ataima pa mphambano ya msewu wa ku Majaua.

"Mena, ndi ine. Uyang'anitsitse njira."

Anationetsa chigayo cha njerwa zosawotcha, mlatho wa mitengo, mtsinje wa mchenga woyera, ndi pamene amasiya njinga. Chilichonse ankachitchula kawiri, ngati mphunzitsi. Ankadzudzula a Bernardo kuti akupuma mofuula, kamera imva. Amayi anaseka, misozi ili m'maso. Kenako awiriwo analowa m'nkhalango, n'kukapuma pa mwala wina waukulu wong'ambika pakati. Agogo anavula chipewa.

"Mena, izi sindingathe kukuuza ukundiyang'ana, n'chifukwa chake ndikuuza galasi ili. Mayi ako anakubalira m'thengo, tili paulendo. Magazi sanasiye. Anzathu anatsogola, poti mfuti zinali kumbuyo. Ndinamubereka masiku awiri, iwe uli pachifuwa panga m'kati mwa malaya. Tsiku lachitatu m'mawa anasiya kundiyankha. Panalibe mayi woti amusambitse. Ine mlongo wake ndinagwira thupi limene mlongo sagwira. Ndinali ndi chivundikiro cha poto. Ndinachiika pamphuno pake, sichinachite nthunzi. Ndinachiikanso. Kenako ndinakumba nacho."

Anatembenuza chipewa m'manja kwa nthawi yaitali.

"Mfuti zinayandikira. Mena, ndinamukwirira thupi lisanazizire. Chivundikiro chija mbali ina chinali chowala, mbali ina chakuda ndi mwaye. Zaka zonsezi ndimadzifunsa, ndipo sindikumbuka mbali imene ndinaika pamphuno pake."

Amayi anatola foni ija ndi manja awiri.

"Malume," anatero, ngati ali nawo pakhonde pomwepo, "ndi zimenezi? Zaka zonsezi ndi zimenezi? Mukanangondiuza. Inu munandinyamula."

Mu kanemamo Agogo anavala chipewa n'kuimirira.

"Tsopano tatsala pang'ono. Uone mwala uwu. Ukafika apa usatsate njira yaikulu. Utembenukire..."

Nkhope yawo inasweka timabokosi. Mawu anachita chibwibwi, kenako zii. Anaima chiimire, mutu utangoyamba kupotoloka, koma chithunzi chosweka moti sungadziwe ngati ndi kumanja kapena kumanzere.

"Ibweze," anatero amayi.

Ndinabweza.

"Ibwezenso. Mwina yatopa."

"Amayi, yathera pomwepo."

"Nanga kusukuluko mumaphunzira chiyani?"

Sananene mwaukali. Zikanandipepukira akananena mwaukali.

Tinawaimbira a Bernardo, amene tsopano ndi okalamba ndipo amakhala kwa mwana wawo ku Mocuba. Anamvetsera mpaka amayi anamaliza.

"Mayi, mundikhululukire. Ine tsiku limenelo maso anga anali pa kagalasi ka kamera, kuopa kuwadula mutu malume anu. Njira sindinaione. Ndikukumbuka kuti tinakwera, ndinatopa, ndipo panali mtengo waukulu ndi miyala. Kuchoka pamwala paja mwina ndi theka la ola. Mwina kuposa."

Loweruka lapitali tinapita, ine ndi amayi, pa njinga za kabaza, foni ili m'manja. Chigayo tinachipeza, chitagwa mbali imodzi. Mlatho unali wina, poti wakale unapita ndi madzi osefukira, koma mchenga woyera unali womwewo. Titauona mwala wong'ambika uja ndinathamanga n'kuukumbatira, ndikukuwa kuti amayi, ndi uwu, ndi uwu. Kenako ndinayang'ana kutsogolo. Nkhalango ya mu kanema ija kulibe. Inapita ndi makala. Pali minda ya nandolo kukwera phiri lonse, ndi tinjira titatu.

Mayi wina amene ankalima pafupi anaweramuka titamupatsa moni.

"Agogo a mtanda aja? Ankadutsa chaka chilichonse, moni wawo unali wa chipewa basi. Amwalira? Pepani, pepani. Ankakwera uko."

Anazunguza khasu lake m'mwamba, ndipo uko kwakeko linali phiri lonse.

Tinkafuna mtanda wa chaka chatha, poti uyenera kuti ukadali chiimire. Tinkayang'ana chilichonse chonyezimira. Kamodzi ndinaona kuwala pakati pa nandolo, ndinathamanga mpaka minga inanding'amba siketi, n'kupeza chitini cha nsomba. Alimi akumeneko amaunjika miyala m'mphepete mwa minda, ndipo mulu uliwonse unkaoneka ngati manda. Amayi ankaima pa uliwonse, osadziwa kuti agwade kapena adutse. Dzuwa litapendeka tinabwerera pamwala paja. Anayatsa kandulo mu mng'alu wake, kuopa mphepo.

"Amayi," anatero, "tafika pamene tatha kufika."

Mitambo yayamba kale kusonkhana pa phiri la Tumbine. Mvula ikagwa kawiri katatu udzu kumene kuli mandako umapitirira munthu, ndipo chaka chino palibe amene alambule. Amayi sanenanso kanthu za kanemayo, koma ndimawapeza akumuonera kuseri kwa nyumba, akufika pamwala paja n'kubweza.

Ine sindinataye mtima. Profesora akuti mwina ku Quelimane kapena ku Blantyre kuli anthu a makina owerenga zimbale zowonongeka, koma andiuza kuti ndisawalonjeze amayi. Kachimbaleko ndakakulunga m'nsalu yoyera, kali pansi pa sutikesi, kutali ndi denga. Zimene tinapulumutsa zili pa foni, pa fulashi ya Profesora ndi mu kompyuta ya kusukulu, ndipo ndaphunzira kuti chinthu chimodzi sichisungidwa pamalo amodzi. Mawu onse a Agogo ndawalemba kumapeto kwa kope lino, liwu ndi liwu. Andikhululukire kuti ndawaika pa ndiwo za chiswe. Sabata yamawa tidzayesa kanjira ka kumanzere. Tikalephera, chaka chamawa ka kumanja.

Dzulo pochokera kusukulu ndinadzera kuseri kwa msika. Nyundo ndi sizasi zili kunyumba, koma njanji ikadali pakhonde paja, poti palibe amene angainyamule. Pamwamba pake, pamene nyundo inkapawalitsa tsiku ndi tsiku, payamba kufiira. Kambaula kali pakona ndi phulusa la tsiku lomaliza. Pa fumbi pamene ankayesera ndowa pamera kaudzu, poti malowo anamwa madzi zaka zambiri. Mayi wa ndowa za pulasitiki uja katundu wamuchulukira, akumuunjika mpaka mumsewu, koma mbali ya Agogo sanaikeko ngakhale beseni limodzi.

Pa chipilala cha khondelo pali mtanda wa chaka chino, womangirira ndi waya. Anaupanga msanga, chifuwa chitangoyamba. Amayi akuti mtanda wa manda sulowa m'nyumba, uyenera kuchoka pamenepo kulunjika kwa mwini wake. Zilembo zake anaboola ndi msomali, ROZALINA, ndipo dzuwa likapendeka dzinalo limaoneka pakhoma, timadontho ta kuwala.

"Mwanawe, mtandawu mudzautenga liti?" anandifunsa mayi uja. "Mvula ikubweratu."

Ndinati sabata yamawa. Anafunsa kuti tikauzika kuti. Ndinangoyendetsa chala m'mphepete mwake. Mitanda ya zaka zina ija sankavutika kuipinda, lata linkakhala lakuthwa, poti manja awo anali ngati chikopa. Uwu anaupinda mbali zonse, bwinobwino, kuti wodzaunyamula asadzadzicheke.